Ndinakana Malata, Ndinatenga Nyundo

Ana anga, Lute ndi Fanuwelo, ndi inu adzukulu amene mumatseka makutu mukangofika pakhomo panga, khalani pansi ndikuuzeni kumene phokosoli linachokera. Ndalemba ndekha ndi dzanja langa la sukulu ya kwacha. Zilembo zikapendekera zisiyeni, nanenso ndimayenda chopendekera masiku ano. Za ubwana wanga sindinena, aliyense anakhalapo mwana. Ine ndiyambira pa ntchito, ee, pa ntchito!

Chaka cha mavoti a zipani zambiri

Ndinali wothyola tiyi pa esiteti ina kumunsi kwa phiri, dengu kumsana, zala m'masamba, koma pakamwa panga sipankatsekeka. Ndikayambitsa nyimbo mzere wonse unkavomera, ndipo ovomerawo ankaiwala kuthyola n'kumangogwedeza madengu opanda kanthu. Chaka chimenecho aliyense ankati tsopano pakamwa pamasuka, ndiye ine ndinamasula kawiri. Kapitawo wathu anapirira, anapirira, kenako tsiku lina anavula chipewa n'kunena kuti, "Mayi a Lute, sindikukuchotsani ntchito, koma ndikukutumizani kumene ngakhale mukuwe bwanji palibe adzakumveni." Kumeneko kunali ku chipala, kuseri kwa fakitale, kumene ankasula zikwanje zodulira tiyi ndi makasu a pa esiteti. Anandipatsa tsache.

Mwini chipala anali a Muhiwa, mkulu wochokera kutsidya kwa malire, wamfupi, wa nsidze zopsa ndi moto. Atandiona anati, "Mzimayi asese panja. Moto uno sugwirizana ndi chitenje." Ndinasesa panja, koma maso anali m'kati. Pakati pa chipalacho panaima chinyundo cha makina cha nthawi ya azungu oyamba, chachitali kuposa chitseko cha tchalitchi, chakuda, chonenepa m'chiuno. Pamwamba gudumu, pa gudumu lamba, pansi pa gudumu masipulingi opindika ngati uta, ndiye mutu wa nyundo ukulendewera pamenepo. Pansi panali chopondera. Ukaponda pang'ono chinkagogoda ngati mlendo waulemu, go go go. Ukaponda kwambiri, mayo ine, ngati bingu la pa phiri! Anthu ankachitcha aNagunda, ndipo ankatchula mwaulemu ngati munthu wamkulu.

Ndiye nyamakazi inawagwira bondo a Muhiwa, sankathanso kuponda. Anayesa amuna a mu galaja, koma awo ankaponda ngati akuliza njinga yamoto, chikwanje n'kutuluka chophwatalala ngati chigumu. Tsiku lina ndikusesa ndinamva, "Inu a tsache! Munasinjapo?"

"Bambo, ine ndinakulira pa mtondo."

"Bwerani. Pondani apa ngati mukukonola chimanga, osati ngati mukupha njoka."

"Nanga chitenje changa?"

"Moto wasintha maganizo," anatero a Muhiwa osandiyang'ana.

M'phokoso lija mawu a munthu sankamveka, koma nyimbo inkadutsa. Ndinapeka yangayanga: Gunda Nagunda, gunda pang'ono, chitsulo chapsa, mwini watopa! Ndikafika pa "watopa" iwo ankatembenuza chitsulo, ine n'kuyambiranso. Ndikatengeka n'kuyamba kuvina ndi phazi lopondera, ankakuwa kuti, "Divagari, mayi, divagari!" kutanthauza pang'onopang'ono m'chiyankhulo cha kutsidya. Patapita zaka anandigwiritsa mbaniro, anandiphunzitsa kuona mtundu wa chitsulo pamoto, kufiira kwa tomato ndi kuyezuka kwa papaya, ndi nthawi yoviika m'madzi. Ndinasula, ana inu, ndinasula! Tiyi amene anthu anamwa m'zaka zimenezo, mitengo yake inadulidwa ndi zikwanje zoyimbiridwa ndi ine.

Zaka za pambuyo pa njala ija

Zinthu zinayamba kusowa. Malasha akabwera, oyilo palibe. Oyilo akabwera, lamba waduka, tamulumikiza ndi waya mpaka waya kuchuluka kuposa lamba. Kenako kunabwera bwana manijala watsopano, munthu wabwino ndithu, wopereka moni, koma anapeza kuti zikwanje za m'makatoni zochokera kunja n'zosavuta. Chipala chinatsekedwa. A Muhiwa anamanga mbaniro zawo m'thumba, n'kuzimasulanso, n'kundipatsa. Anawoloka malire, ndipo sipanatenge nthawi tinamva za maliro awo. Denga la chipala analichotsa kukafolera galaja. ANagunda anatsala pamtetete, dzuwa lawo, mvula yawo, mavu atamanga m'khwapa mwawo. Ine ndinabwerera ku tsache, kusesa maofesi, koma m'mawa uliwonse ndinkadzera kumeneko. "Mwadzuka bwanji aNagunda?" Iwo duu.

Chaka chopuma ntchito

Pa esiteti pathu panali mwambo: wopuma ntchito atatumikira nthawi yaitali ankapatsidwa malata. Bambo anu, a Wisikesi, telala wa pakhonde la sitolo ku Milonde, munthu wa singano, wodana ndi phokoso, ankawadikira malatawo kuposa ine. Tsiku lotsanzikana bwana manijala anandiitana mu ofesi.

"Mayi, malata anu ali kusitolo. Thirakitala ikuperekezani."

"Bwana, nanga aNagunda?"

"Ndani ameneyo? Ali mu dipatimenti iti?"

"Chinyundo chija cha kuseri."

"Oo, chimenecho tikugulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Akachisungunula."

Kusungunula! Mtima wanga unachita phaa. Ndinaona denga lathu la udzu, ndinaona mabeseni amene timatchera mvula ikamagwa, ndinaona nkhope ya bambo anu. Ndinaziona zonsezo bwinobwino, ndisanamize kuti ndinaiwala. Koma pakamwa panga paja panatsogola. "Bwana, malatawo sungani. Ndipatseni aNagunda." Bwana anaseka mpaka kugwira tebulo, ndipo ataona kuti ine sindikuseka anandifunsa ngati ndadya m'mawa. Kenako anavomera.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti bambo anu, pofuna kundisangalatsa, anali atasasula kale udzu wa mbali imodzi ya nyumba. Thirakitala itafika anali pamwamba pa denga, akumwetulira, dzanja pamphumi kuyang'ana malata. Anaona chinthu chakuda chitagona m'ngolo ngati njovu yakufa, ine nditakhala pambali pake ndikuyimba. Anatsika pang'onopang'ono.

"Mayi a Lute, malata akubwera ulendo wachiwiri?"

"Bambo a Lute, khalani kaye pansi."

Sanakhale. Anazungulira ngolo, anagogoda chitsulo ndi chala, n'kufunsa kuti, "Ichi chifolera mbali iti?"

Amuna a m'mudzi anachitsitsa pochigubuduza pa mitengo ya bulugama, ine n'kuwaphikira nyemba za kalongonda ndi thobwa. Madzulo ake bambo anu anaitana Che Yusufu, mwini chigayo choyandikana ndi ife, kuti akhale mboni. "Che Yusufu, imvani. Mvula yoyamba ikagwa chinthu ichi chisanasule khasu ngakhale limodzi, ndiitana wa sikelo wa ku Limbe wogula zitsulo zakutha, ndichigulitse, ndigule malata." Ine ndinati ndavomera. Che Yusufu anasisita ndevu n'kunena kuti, "Ndamva ndi makutu onse awiri, koma mundikhululukire, limodzi likuseka."

Kuyambira tsiku limenelo bambo anu anachitcha chinyundocho apongozi. Ankati n'cholemera, sichiyankhula, chakhala pakati pa bwalo ndipo aliyense akuchitumikira. Mayi anga ali moyo, iwo monga mkamwini waulemu sankakumana nawo maso, ankazemba podzera kanjira ka kuseri kwa chimbudzi. Kanjira kameneko kanali katamera udzu. Anakatsegulanso.

Chilimwe cha chaka chomwecho

Ndiye ntchito inayamba, ee, ntchito! Poyamba mavu. Anandiluma pachikope, ndinapita ku tchalitchi ndi diso limodzi, anthu n'kumawayang'ana bambo anu moipa, munthu wosalakwa. Kenako dzimbiri. Gudumu linali litagwira gwa. Ndinathira palafini m'mabowo onse, m'mawa palafini, madzulo palafini, mpaka m'nyumba tinkadya mwachangu dzuwa lisanalowe chifukwa nyali inalibe chakumwa. Ndinapala ndi mchenga wa kumtsinje, ndinapala ndi chidutswa cha njerwa, ndinapala ndikuyimba. Tsiku lina ndinakolowekapo mtengo, ine ndi mnzanga Dolofe, amene tinkathyola naye tiyi, n'kulendewera tonse awiri. Gudumu linalira kwiii ngati nkhumba, n'kutembenuka! Tinagwa chagada, miyendo m'mwamba, tikululuta. Sipulingi imodzi inali yothyoka. Ndinapita ku Limbuli pa kabaza, n'kukapeza ya lole yakufa. Pobwera wa kabaza anati, "Agogo, pa njinga pano pakwera chimodzi, inu kapena chitsulo." Chitsulo chinakwera. Ine ndinabwera wapansi, ndikuchiperekeza ngati mkwatibwi.

Kwathu kulibe magetsi, koma Che Yusufu anali ndi injini ya dizilo. Anati, "Mayi, tizitsulo ta m'chigayo changa timatha msanga. Mukamandisulira, ine ndiboola khoma, ndikupatsani lamba." Anaboola, anapititsa chitsulo chozungulira, ndipo lamba anafika kwathu ngati mkono wa mnansi wopempha mchere.

Tsopano mverani kupusa kwanga. Ku esiteti aNagunda ankaoneka ataima pa simenti, ndipo ine moyo wanga wonse ndinkasirira simenti. Ndinagulitsa mbuzi, ndinagula simenti, ndinawaka pabwalo malo osalala, onyezimira, oti ukhoza kudyerapo. Bambo anu ankasuzumira pazenera n'kumati, "Apongozi pa simenti, mkamwini pa dothi."

Tsiku loyesa mudzi wonse unabwera. Che Yusufu analiza injini. Ndinaika chitsulo chofiira, ndinaponda, ndinayamba, Gunda Nagunda. Mayo! Dziko linagwedezeka. Mbale zinatsika zokha pa thandala. Ufa wa zaka ndi zaka umene unali pa mitengo ya denga la chigayo unagwa wonse, Che Yusufu n'kutuluka ali mbuu, ndevu zokha zikuyetsemula. Makina osokera a bambo anu anayenda okha mpaka pakhomo. Simenti yanga inang'aluka ngati chigumu chouma, ndipo aNagunda anayamba kudumpha, du, du, du, kulunjika kunyumba. Bambo anu anatuluka liwiro akukuwa kuti, "Zimitsani! Apongozi akulowa m'nyumba!" Nkhuku za Dolofe zinasiya kuikira mpaka mwezi unatha.

Anthu atabalalika ndinakhala pa simenti yosweka, nyimbo itandithera. Dolofe anakhala pambali panga, akupukuta misozi ya kuseka. "Koma iwe Feligasi, unayamba wasinjirapo pathanthwe? Mtondo umadumpha, mapewa n'kuwawa. Chosinja chimafuna pofewa pansi." M'mawa mwake ndinabwerera ku esiteti kukaona pamene aNagunda ankaima. Simenti inali m'mbali mokha. Pakati panali dzenje, ndipo nditakumba ndi chala ndinatulutsa zibenthu za mitengo yowola. Zaka zonse zija ndinkaponda pamenepo osadziwa kuti pansi panakwiriridwa zipika zikuluzikulu.

Koma chipika cholimba uchipeza kuti masiku ano? Bulugama amang'aluka. Ndinapita ku Likhubula kukafunsa a zankhalango, ndipo bambo amene ndinawapeza anandimvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, n'kundiuza kuti mitengo ya m'phiri si yoika pansi pa nyundo, kenako anandigulira nanazi kuti ndisalire. Ndikubwerera ndinadzera kwa Dolofe, ndinamupeza atakhalira mtondo wake wakale, wogadabuza. Ndinaima chilili. Chibwerere chigayo cha Che Yusufu, mitondo ya m'mudzi mwathu inali itasanduka mipando ndi moikira nkhuku. Mitondo yosiyidwa ndi amayi athu ndi agogo athu, ya mbawa, ya muwanga, mitengo imene inazolowera kumenyedwa kuyambira kale!

Ndinayenda khomo ndi khomo. Amayi sanapereke mwaulere, ayi. Wina anati, "Khasu langa likabuntha muzindinolera mpaka ndidzafe." Wina anati, "Ine mpaka mwana wanga adzafe." Ndinavomera onse. Tinaswa simenti, tinakumba dzenje lakuya m'chiuno, tinaimika mitondo chogadabuza, yothithikana, mchenga m'mipata, amayi akuyimba, akukangana kuti wanga ukhale apa, wanga usayandikane ndi wa uje chifukwa sitiyankhulana.

Mwezi wa mitambo

Phiri linayamba kuvala chipewa chakuda. Bambo anu anali atafolera mbali yosasula ija ndi mapepala apulasitiki, ndipo anali atatumiza kale uthenga ku Limbe. Sanabise. Anandiuza akusoka, osakweza mutu.

M'dzenje munatsala malo amodzi, pakati penipeni, pamene mutu wa nyundo umagwera. Pamenepo pankafunika mtondo waukulu ndi wolimba kuposa yonse, ndipo m'mudzi monse unalipo umodzi wokha. Unali m'nyumba mwanga, kuseri kwa chitseko. Mtondo wa mayi anga, wa muwanga, umene anausenza pamutu pochokera kutsidya ali mtsikana. Mlomo wake unali wosalala ndi manja awo. Chimwalirire iwo sindinasinjiremo, ndinkangoupukuta. Malata ndinawakana mosavuta, pakamwa pokha. Koma uwu! Ndinaukhalira m'mawa wonse. Ndinkati ndikaukwirira sindidzauonanso. Ndinkatinso ndikausunga ukhala kuseri kwa chitseko mpaka chiswe chiupeze, ndipo aNagunda akasungunulidwa. Mayi anga sankakonda chinthu chongokhala. Ankati akaona munthu wakhala, ankamupatsa nandolo kuti azisenda.

Ndinaimirira. "Bambo a Lute, ndithandizeni kunyamula."

Anayang'ana mtondo, anayang'ana ine. Anavula tepi yoyezera imene inali m'khosi. Kenako munthu uja anagwada, anawomba m'manja mwaulemu monga ankachitira kale ali kuseri kwa mpanda, n'kunena kuti, "Pepani mayi, tikunyamulani." Sanalole kuugubuduza. Anausenza yekha paphewa mpaka m'dzenje. Unalowa ndendende ngati anachita kuyeza. Tinayala matabwa, amuna anakokerapo aNagunda, tinamanga ndi mabawuti.

Tsiku la mvula yoyamba

Wa sikelo anafika m'mawa ndi lole yake, atavala magalasi akuda ngakhale dzuwa kunalibe. Anazungulira aNagunda akunyambita milomo. Ine moto unali utayaka kale pansi pa kachisakasa kamene tinamanga pambali pa nyundo, chitsulo chili pa makala, Dolofe akupukusa mvukuto. Che Yusufu analiza injini. Ndinaponda. Go, go, go. Dziko silinagwedezeke. Mbale zinakhala phee. Phokoso linkatsikira pansi, lakuya, lokoma, ngati amayi onse a m'mudzi akusinja pamodzi. Gunda Nagunda, gunda pang'ono! Chitsulo chinayamba kutambasuka, khasu likuoneka mapewa. Amayi analuluta. Ndiye ndinatengeka, ndinaiwala divagari wa a Muhiwa, ndinavina ndi phazi lopondera. Lamba anati thwa! Anaduka, n'kukagwera pa mutu wa wa sikelo.

Nthawi yomweyo dontho linagwa pa chitsulo chotentha, tsss. Lina tsss. Fungo la dothi linakwera. Khasu linali theka.

Anthu onse anatembenukira kwa mboni. Che Yusufu anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, n'kunena motsitsa kuti, "A Wisikesi, ine ndine mboni, sindinganame. Mvula yagwa. Khasu silinathe. Chinthuchi n'chanu."

Wa sikelo anaitana anyamata ake kuti abweretse maunyolo ndi zokumbira. "Mdala, tiyambe kumasula. Pansipa tikumba pang'ono kuti chizuke."

"Mukumba pati?" anafunsa bambo anu.

"Apa, pansi pake."

Bambo anu anaima pakati pa lole ndi nyundo, mvula ikuwatsika m'dazi. "Achimwene, pansi apo pali apongozi anga. Ine ndakhala ndikudzera kuseri kwa chimbudzi kuyambira ndili mnyamata kuti ndisawaponde chithunzithunzi. Ndiye inu mubwere kuchokera ku Limbe kudzawakumba pamutu?"

Wa sikelo anavula magalasi. "Pali manda apa?"

"Funsani amayiwa."

Amayi onse anayankhira pamodzi. "Anga alinso pomwepo!" "Anga ali kumanzereko!" "Agogo anga ali pakona!" Wa sikelo anavalanso magalasi ake. Anakwera lole chobwerera m'mbuyo, anyamata ake akudumphira ikuyenda.

Bambo anu analowa m'nyumba, ndipo anatuluka ndi chisingano chachikulu chosokera matumba ndi ulusi wopaka phula. Anakhala pansi pa kachisakasa, lamba pamiyendo, n'kumusoka bwinobwino ngati kolala ya suti ya ukwati. Atamaliza anati, "Mayi a Lute, malizani khasulo. Koma muyimbe motsitsa." Ndinayimba mokweza. Khasu linatha mvula ili pakati, ndinaliviika m'chithaphwi cha pabwalo pomwepo, nthunzi fuu, ndipo ndinavina nalo m'matope mpaka chitenje chinalemera.

Chaka chimenecho tinagona ndi mabeseni, ine beseni kumutu, iwo beseni kumiyendo. Makasu anayenda, ku Milonde, ku Limbuli, mpaka kutsidya. Pokolola tinagula malata oyamba, ochepa, okwana mbali imodzi. Ndinapita kumsika kukagula misomali ina, ndipo pobwera ndinamva kukhoma. Ndinayang'ana padenga la nyumba, palibe munthu. Bambo anu anali pamwamba pa aNagunda, misomali kukamwa, akufolera chipala.

"Bambo a Lute, nanga nyumba?"

Analavula msomali m'dzanja. "Mkamwini wanji amene amagona pouma apongozi akunyowa?"

Nyumba inafoleredwa chaka chotsatira. Ndiye inu adzukulu, mukafika pakhomo pano n'kumva pansi pakugunda, chotsani zala m'makutu, mupereke moni. Ndipo kanjira ka kuseri kwa chimbudzi musakatseke. Agogo anu aamuna amadzerabe komweko.